Tisanagule Makina a Magetsi a Mphepo, Tiyambe Taidziwa Mphepoyo



Ulendo uno nkhani yathu yachokera pa kalata imene talandira kwa bambo wina, msodzi wa m'boma la Nkhotakota. Bamboyu akuti kwa zaka ziwiri wakhala akusunga kangachepe kuchokera pa malonda a usipa, ndipo tsopano ndalamazo zakwana kugula makina aang'ono opanga magetsi ndi mphepo amene anawaona m'sitolo ina ku Lilongwe. Pa bokosi lake analembapo kuti mawati 400. Iye akufuna kuti ana aziwerenga usiku pa kuwala kwabwino, mayi a kunyumba azitchajira anthu mafoni n'kumapezapo ya sopo ndi mchere, ndipo mwina mtsogolo muno adzagule kafiliji. Kalatayo yatha ndi mawu akuti: "Kuno Mwera umasasula madenga ndi kutembenuza mabwato. Nanga mphepo yotere ingalephere bwanji kuyatsa nyumba imodzi?"

Funsoli ndi lomveka ndithu, ndipo tikudziwa kuti si bambo yekhayu amene analiganizapo. Koma ife tikuti ndalamazo ziyambe zakhala pamene zili. Mphepo yosasula denga imaomba masiku owerengeka pa chaka, chonsecho ana amafuna kuwerenga usiku uliwonse. Choyenera kufunsa ndi ichi: kodi pakhomo panupo mphepo imaomba motani ola ndi ola, mwezi ndi mwezi, chaka chonse chathunthu? Yankho lake ndilo lingatiuze ngati makinawo adzakhale chuma cha banja kapena chitsulo chongokongoletsa pabwalo.

Mphepo ili ndi nthawi zake

Kwa anthu a kunyanja sitikunena zachilendo ayi. Mwana aliyense wokulira padoko amadziwa kuti mphepo ili ndi maina ndi nyengo zake. Kuyambira cha m'mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kapena Sepitembala umaomba Mwera, wochokera kumwera chakum'mawa, wozizira ndi wouma. Ukayamba umatha masiku angapo osapuma, mabwato ali pamtunda, asodzi akusoka maukonde, a nthambi ya zanyengo akuchenjeza pa wailesi kuti anthu asalowe m'madzi. Kenaka umaleka, nyanja n'kuchita bata masiku ena, n'kudzayambanso. Nyengo yotentha ikafika timamva za mphepo ya Vuma yochokera kum'mawa, ndipo mvula ikamayandikira pamabwera Mpoto. M'miyezi ya dzinja, makamaka Januwale mpaka Malichi, masiku ambiri mphepo imakhala yofooka. Imangouka mwaukali kanthawi kochepa mvula isanagwe, kenaka zii.

Tsiku limodzi lomwe lili ndi kusintha kwake. Dzuwa likakwera, mtunda umatentha msanga kuposa madzi. Mpweya wa pamtunda ukatentha umapepuka n'kukwera m'mwamba, ndipo wozizirirapo wa panyanja umabwera kudzalowa m'malo mwake. Ndiko kamphepo kayaziyazi kamene timakamva masana titakhala pansi pa mtengo wa mango. Usiku zinthu zimatembenuka. Mtunda umazizira msanga pamene madzi akusungabe kutentha, choncho mphepo imachoka kumtunda kulowera kunyanja, kawirikawiri mofookerapo. Pakati pa ziwirizi, cha m'mawa ndi cha kumadzulo, pamakhala nthawi imene ngakhale tsamba siligwedezeka. Taonani vuto lake tsono: dzuwa likangolowa, banja likufuna kuwala, kamphepo ka masana kaja kamakhala katatha kale mphamvu.

Ngakhale mkati mwa mphindi imodzi mphepo siikhazikika. Yang'anani chitenje choyanikidwa pachingwe: chakupiza, chagwa, chakupizanso. Pafupi ndi nyumba, mitengo ndi zitunda mphepo imapotokola n'kumabwera uku ndi uku ngati madzi odutsa pamiyala. Mphepo yotere imanyenga. Pankhope imamveka yamphamvu, koma makina amangotembenuka kuifunafuna, mapiko akuthamanga n'kuima, kuthamanga n'kuima, mpaka zitsulo zake kutha msanga.

Zaka nazonso sizifanana. Akuluakulu amakumbuka zaka zimene Mwera unavuta mpaka usipa kusowa pamsika, ndi zaka zina zimene unangodutsa mwaulemu. Izi sizichitika kuno kokha. M'chaka cha 2021 madera a kumpoto chakumadzulo ndi a pakati pa Ulaya anaona mphepo yofooka kuposa ya zaka zambiri za m'mbuyo, ndipo makampani a magetsi a mphepo ku Britain ndi ku Germany anapanga magetsi ochepa kuposa amene ankayembekezera.

Masamu ake ndi awa

Wina angafunse kuti, nanga mphepo ikachepa pang'ono, si ndiye kuti magetsi angochepa pang'ono basi? Apa ndi pamene ambiri amagwa nayo. Tiyeni tichite masamu pang'ono, osaopa, ndi a ku pulaimale.

Akatswiri amayeza liwiro la mphepo poona mamita amene yayenda pa sekondi imodzi. Mphepo ya mamita 3 pa sekondi ikufanana ndi makilomita 11 pa ola, liwiro la munthu wopalasa njinga mosafulumira. Ya mamita 12 ndi makilomita 43 pa ola, ngati njinga yamoto pa msewu wafumbi. Ya mamita 25 ndi makilomita 90 pa ola, ngati basi pa msewu wa tala.

Tsono lamulo lake likuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza ka 8. Chifukwa chake chili pawiri. Choyamba, mphepo ikathamanga kawiri, mpweya wodutsa pa mapiko pa sekondi iliyonse umachuluka kawiri. Chachiwiri, chinthu chilichonse chothamanga kawiri chimagunda ndi mphamvu yowirikiza kanayi, monga amadziwira amene anagwapo pa njinga pa chitsikira. Tikachulukitsa 2 ndi 4 tipeza 8. Njira yachidule ndi kutenga liwirolo n'kulichulukitsa lokha katatu. Mphepo ya mamita 3 ikupatsa 3 × 3 × 3, amene ndi 27. Ya mamita 6 ikupatsa 216. Ya mamita 12 ikupatsa 1,728.

Tibwerere ku bokosi la bambo uja. Opanga makina aang'ono otere amalemba mawati amene makinawo amatulutsa pa mphepo yamphamvu, kawirikawiri ya mamita 12 pa sekondi kapena kuyandikira pamenepo. Tiyerekeze kuti pakhomo pake masiku ambiri mphepo imakhala ya mamita 4. Liwiro limeneli lachepa katatu, choncho mphamvu yachepa ka 27. Tikagawa 400 ndi 27 titsala ndi mawati pafupifupi 15, okwana mababu atatu a mawati 5, ndipo nawonso pokhapokha mphepoyo ikuomba. Sola ya mawati 100 pa tsiku la dzuwa labwino imasonkhanitsa mphamvu yofanana ndi imene makinawa angapereke atazungulira usana ndi usiku osaima pa mphepo ya mamita 4. Wogulitsa sananame polemba 400, koma sanakuuzeni kuti 400 ameneyo amabwera pa tsiku limene inu simungayerekeze n'komwe kukankhira bwato m'madzi.

Chinanso n'chakuti makina ali ndi malire ake, pansi ndi pamwamba. Mphepo ikachepera mamita 3 pa sekondi, mapiko amatha kumazungulira ana n'kumaomba m'manja, koma m'batire simulowa kanthu. Mphepo ikapitirira pa liwiro limene makina anapangidwira, magetsi saonjezekanso. Ndipo ikafika cha pa mamita 25, makina akuluakulu amadziimitsa okha kuopa kuthyoka, pamene aang'ono abwino amapinda mchira n'kuzemba mphepoyo cham'mbali. Motero namondwe sapatsa munthu magetsi ochuluka. Chimene amachita ndi kuyesa ngati nsanja yanu inakumbiridwa bwino.

Palinso msampha wina, wa chiwerengero chapakatikati chimene kusukulu amati avereji. Tiyerekeze midzi iwiri. Pa mudzi woyamba mphepo imaomba mamita 5 pa sekondi usana ndi usiku, osasintha. Pa mudzi wachiwiri kumakhala bata maola 12, kenaka mphepo ya mamita 10 maola 12 enawo. Avereji ya midzi yonse iwiri ndi 5. Koma tikachita masamu athu aja, mudzi woyamba upeza 125 nthawi zonse, pamene wachiwiri upeza 1,000 kwa theka la tsiku ndi 0 kwa theka linalo, kutanthauza 500 tikagawa pa tsiku lonse. Mudzi wachiwiri uli ndi mphamvu yochuluka kanayi, koma theka la nthawi uli mumdima pokhapokha utakhala ndi posungira. Bata la maola 12 batire likhoza kulipirira. Nanga bata la masabata atatu m'mwezi wa Febuluwale? Palibe batire la pakhomo limene lingasunge Mwera wa Julayi kuti mudzauyatse m'dzinja. N'chifukwa chake munthu akakuuzani avereji yokha ya mphepo ya kwanu, dziwani kuti wakuuzani theka la nkhani.

Mmene amachitira a makina akuluakulu

Amene amaika ndalama zambiri pa ntchitoyi sathamangira malo amene mphepo inagwetsapo mtengo. Amafuna malo amene mphepo siitopa. Chitsanzo chabwino chili ku Kenya, pafupi ndi nyanja ya Turkana, m'dera louma la Marsabit. Kumeneko mphepo imapanikizika pakati pa mapiri a ku Ethiopia ndi a ku Kenya ngati madzi m'ngalande, n'kumaomba kuchokera mbali imodzimodzi miyezi yambiri ya chaka, usana ndi usiku womwe. Eni ntchitoyo anayamba aimika nsanja zoyezera mphepo kwa zaka zingapo asanaike makina ndi amodzi omwe. Atakhutira anaimika makina 365 a mphamvu ya mamegawati 310, kuposa kawiri mphamvu ya Kapichira wathu, ndipo anatsegulidwa mwalamulo m'chaka cha 2019. Panthawiyo anali malo aakulu koposa a magetsi a mphepo mu Africa. Kuti magetsiwo afike kwa anthu panafunika nthambo za makilomita oposa 400. Anthu analolera mtunda wonsewo kaamba ka chinthu chimodzi, mphepo yokhazikika.

M'malo ambiri a pamtunda padziko lapansi, makina akuluakulu amatulutsa pa chaka gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a magetsi amene akanatulutsa akanamathamanga ndi mphamvu zonse chaka chonse. Eni ake amadziwiratu zimenezi ndipo amawerengera phindu lawo pa chiwerengero chenichenicho. Amadziwanso kuti masiku a bata adzabwera. Ku Germany anachita kuwapatsa dzina masiku a nyengo yozizira opanda mphepo ndi dzuwa lomwe, akuti Dunkelflaute, ndipo pamene anachitika mu Novembala ndi Disembala 2024 mtengo wa magetsi pa msika wa makampani unakwera kwambiri.

Nanga amathana nazo bwanji? Amaphatikiza. Dziko la Denmark m'chaka cha 2023 linapanga magetsi ake opitirira theka kuchokera ku mphepo. Koma lili ndi nthambo zodutsa pansi pa nyanja kupita ku Norway, dziko la madamu ambiri. Mphepo ikachuluka, Norway amagula magetsi otsika mtengo n'kusunga madzi ake. Mphepo ikaleka, amatsegula madziwo n'kutumiza magetsi kwa anansi ake.

Phunziro limeneli likutikhudza nafenso. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Tonse tikukumbuka mdima wa 2016 ndi 2017 madzi a m'nyanja atatsika, komanso Januwale wa 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Magetsi a dzuwa amene anatsegulidwa ku Salima mu 2021, ndi a ku Golomoti a mu 2022 amene ali ndi mabatire ake, anabwera kudzathandiza mtsinjewo. Makina a mphepo oikidwa pamalo oyezedwa bwino angathandizenso, popeza Mwera umaomba m'chilimwe mvula italeka, ndipo madzi a m'nyanja amatha kuwachedwetsa pa zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde. Dzuwa lili ndi nthawi yake yofooka, madzi ali ndi yawo, mphepo nayo ili ndi yake. Mwayi wake ndi wakuti nthawizi sizigwera pamodzi kawirikawiri.

Ntchito yotha kudikira mphepo

Anthu akale anali ndi nzeru ina imene tiyenera kuitola. Mphero zoyendera mphepo zakale koposa zimene mbiri yake inalembedwa bwino zinali ku Sistan, dera la m'malire a Iran ndi Afghanistan. Olemba za maiko a m'zaka za m'ma 900, monga al-Masudi ndi al-Istakhri, analongosola za deralo kuti mphepo ndiyo inkazunguza mphero zake. Kumeneko kuli mphepo imene eni ake amaitcha ya masiku 120, chifukwa imaomba kuchokera kumpoto pafupifupi miyezi inayi ya nyengo yotentha. Anthuwo ankamanga makoma a dothi okhala ndi mpata woyang'ana kumene mphepo imachokera, m'kati n'kuimikamo mtengo wa mapiko wozunguza mwala woperera. Zina mwa mphero zoterezi zikadalipo m'tauni ya Nashtifan ku Iran. Taonani zinthu ziwiri. Anamanga atadziwa bwino miyezi ndi mbali ya mphepo yawo. Ndipo anaipatsa ntchito yotha kudikira, pakuti tirigu sathawa ndipo ufa umasungika. Mphepo ikabwera ankapera, ikapita ankadya zimene anapera.

Kutunga madzi ndi ntchito inanso yotero. Abale amene anagwirapo ntchito m'mafamu a ku South Africa anaonako zitsulo zazitali za mapiko ambiri zitaima pa zitsime. Makina a mtundu umenewu anayamba kufala kuchokera ku America, kumene Daniel Halladay anapanga ake m'chaka cha 1854. Chifukwa cha kuchuluka kwa mapiko, amayamba kugwira ntchito pa mphepo yochepa, ndipo pambali pake pamakhala thanki kapena dziwe lomanga. Mphepo ikaomba pakati pa usiku anthu ali mtulo, madzi amalowa m'thanki. Ikaleka masiku awiri, ziweto ndi dimba zimamwa a m'thankimo. Thanki yomangidwa bwino imakhala zaka zambiri, pamene batire limafuna kugula lina pakangopita zaka zochepa. Mudzi kapena kalabu ya ulimi wa m'dimba imene ikuganiza za mphepo iyambe yalingalira za madzi isanathamangire magetsi.

Ngakhale mwana wathu William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anakumana nayo nkhani yomweyi. Atasiya sukulu chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2001, anawerenga buku la m'laibulale n'kupanga makina ake m'chaka cha 2002 ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga, dayinamo ndi mitengo ya bulugama. Babu linayaka, anthu anadabwa. Koma mphepo ikaleka babulo linkazima, mpaka anapeza batire la galimoto loti azisungiramo magetsi. Pambuyo pake, atapeza chithandizo, pakhomo pawo panaikidwanso sola ndi pampu ya madzi. Tikamawauza ana athu nkhani yake, tisalekeze pa tsiku limene babu linayaka. Tiwauzenso zimene anachita pa masiku amene mphepo inakana.

Kabuku ka mphepo

Tsono bambo wa ku Nkhotakota ndi ena onse a maganizo omwewa achite chiyani? Akatswiri amaimika kachipangizo kotchedwa anemometer n'kuyeza kwa chaka chimodzi kapena kupitirira. Ife tilibe kachipangizoko, koma tili ndi maso, kabuku ka masamba 40 ndi ana opita kusukulu. Pezani nsungwi yaitali, mangani kansalu kopepuka kunsonga kwake, n'kuiimika pamalo enieni amene mukufuna kudzaika makinawo. Sankhani mwana mmodzi wosamala kuti azilemba. Nthawi zolembera sitichita kuzifuna kutali, pakuti tsiku lathu linagawika kale kasanu: pa Fajr, Zuhr, Asr, Maghrib ndi Isha. Nthawi iliyonse mwanayo alembe tsiku, kumene mphepo ikuchokera, ndi nambala ya mphamvu yake.

Manambalawo tibwereke pa muyeso umene anayambitsa Francis Beaufort, mkulu wa zombo wa ku Britain, m'chaka cha 1805, umene amalinyero akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Zizindikiro zake ndi izi.

Nambala 0 kapena 1: utsi wa pamoto ukukwera molunjika kapena kupendekeka pang'ono, nyanja ili phee.

Nambala 2: mphepo ikumveka pankhope, masamba akuchita kaphokoso. Ndi mamita 2 kapena 3 pa sekondi.

Nambala 3: masamba ndi tinthambi tikugwedezeka kosalekeza, kansalu katambasuka, panyanja thovu loyera likuoneka apo ndi apo. Ndi mamita 4 kapena 5.

Nambala 4: fumbi ndi mapepala zikuuluka, nthambi zing'onozing'ono zikugwedezeka, thovu lachuluka. Ndi mamita 6 mpaka 8.

Nambala 5: mitengo ing'onoing'ono ikupendama yonse. Ndi mamita 8 mpaka 11.

Nambala 6: nthambi zikuluzikulu zikugwedezeka, nthambo zikuimba likhweru, ambulera ikukanika kugwira. Ndi mamita 11 mpaka 14, ndipo apa ndi pamene pali mawati 400 a pa bokosi paja.

Yang'ananinso khalidwe la kansaluko. Kakamatambasukira mbali imodzi mokhazikika, malowo ndi abwino. Kakamazungulira n'kudzikulunga pa nsungwi, mphepo ya pamenepo ndi yopotokola, yesani pena. Kumbukirani kuti mphepo imathamanga kwambiri m'mwamba kusiyana ndi pansi, chifukwa mitengo ndi nyumba zimaigwira miyendo. Alangizi a ntchitoyi amati makina akhale mamita pafupifupi 9 pamwamba pa chilichonse chotchinga chimene chili pafupi. Pamudzi wa mitengo ya mango ndi migwalangwa zimenezi zikutanthauza nsanja yaitali ndithu, ndipo mtengo wa nsanjayo, simenti ndi zingwe zake ukhoza kuposa wa makina enieniwo. Kukhomera makina padenga la nyumba ndi kuitana phokoso ndi ming'alu.

Chaka chikatha, khalani pansi banja lonse muwerenge. Musayang'ane tsiku la nambala yaikulu koposa. Werengani kuti mwezi uliwonse manambala 4 ndi 5 anaoneka kangati, ndiponso kuti masiku otsatizana a 0, 1 ndi 2 anatalika bwanji, popeza masiku amenewo ndiwo adzakuuzeni kukula kwa batire lofunika. Onaninso mzere wa Maghrib ndi Isha pawokha. Akatswiri amalangiza kuti makina aang'ono amayamba kupindulitsa pamalo amene avereji ya chaka siitsika mamita 4 kapena 5 pa sekondi. Kabuku kakadzaza ndi 1 ndi 2 miyezi isanu ndi iwiri, yankho mwalipeza popanda kutaya tambala. Achinyamata a mafoni a intaneti akhoza kuonanso mapu aulere otchedwa Global Wind Atlas, amene amasonyeza mphepo ya dera ndi dera. Koma mapu sadziwa mlambe umene uli kuseri kwa nyumba yanu.

Kabuku kakavomera, pitani kusitolo ndi mafunso. Mawati olembedwawa amatuluka pa mphepo ya liwiro lanji? Nanga pa mamita 4 ndi pa mamita 6 amatuluka angati? Mapiko ndi aatali bwanji? Funso limeneli ndi lofunika, chifukwa mapiko akatalika kawiri amakola mphepo yochuluka kanayi, ndipo kachipangizo ka mapiko aafupi kolembedwa mawati ambirimbiri n'kokayikitsa. Makinawa amadziteteza bwanji pa namondwe? Kodi pali kabokosi koletsa batire kudzaza mopitirira muyeso Mwera ukakhala masiku anayi? Chitsulo chikatha, china tidzachipeza kuti? Wogulitsa amene akuyankha mafunsowa mosazemba ndiye woyenera ndalama zanu. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Kwa inu bambo amene munatilembera, malangizo athu ndi awa. Tapaniko gawo la ndalamazo mugule sola yaing'ono, batire ndi mababu, kuti ana ayambe kuwerenga mwezi uno ndipo mayi ayambe kutchaja mafoni. Zotsalazo sungani. Imikani nsungwi, mupatse mwana kabuku. Ngati pakhomo panu pali poyera, pa mchenga kapena pa chitunda choyang'ana kumwera, n'kutheka kuti kabukuko kadzavomera, ndipo makina a mphepo adzathandizana ndi sola m'miyezi yozizira ya mitambo pogwiritsa ntchito batire lomwelo. Kakadzakana, mudzakhala mutapulumutsa thukuta la zaka ziwiri, ndipo mwana wanu adzakhala ataphunzira kuyeza chinthu asanachikhulupirire. Inu simulowa m'madzi musanayang'ane kumwamba ndi kufunsa anzanu padoko. Chitani chimodzimodzi ndi ndalamazi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chaka chikadzatha mudzatitumizire zimene kabuku kanena, ndipo ena a ku Makanjira, Malindi, Chipoka ndi Senga Bay amene ayese zomwezi atilemberenso, kuti tidzafanizire mphepo ya madoko athu pa tsamba lomwe lino. Tikumanenso m'kope likudzali, Insha Allah.